Imelo imene simuitsegula ija ndiyo khomo la akuba

Funsani achinyamata khumi amene ali ndi foni zamakono kuti adatsegula liti imelo yawo komaliza. Ambiri akuuzani kuti za imelo alibe nazo ntchito, n'za anthu a m'maofesi. Ena sakumbukira n'komwe pasiwedi yake. Komatu pafupifupi aliyense amene ali ndi foni ya Android, kaya ndi Tecno, itel kapena Samsung, ali ndi akaunti ya Gmail, chifukwa popanda akaunti ya Google sungatsitse kanthu pa Play Store. Akauntiyo ilipo, ikulandira makalata usana ndi usiku, mwini wake osasuzumirako.

Ine ndikuona kuti apa m'pamene tagona tulo kwambiri. Foni timaitseka ndi patani, ndi chala, ena mpaka WhatsApp yokha ili ndi loko wake kuopa chibwenzi. Koma imelo, yomwe yasunga makiyi a zonsezi, taisiya ngati dzala la kuseri kwa nyumba. Akuba a pa intaneti akudziwa bwino kuti khomo limeneli silikhala ndi mlonda.

Taganizani zimene zimachitika mukaiwala pasiwedi ya Facebook, TikTok kapena Instagram. Mumadina poti mwaiwala, iwo n'kutumiza kodi ku imelo kapena ku nambala ya foni. Ndiye kuti munthu amene walowa mu imelo yanu safunikanso kudziwa mapasiwedi enawo. Angonena kuti waiwala, kodi n'kumupeza m'manja. Mu akaunti ya Google yomweyo muli manambala a abale ndi anzanu, zithunzi zimene foni imakweza yokha ku Google Photos, macheza a pa WhatsApp amene amasungidwa ku Google Drive, CV, satifiketi ya MSCE komanso chithunzi cha chiphaso cha unzika chimene mudatumiza pofunsira ntchito chaka chatha. Ndi akaunti yomweyo munthu akhoza kuona komwe foni yanu ili, kuitseka, ngakhale kufufuta zonse zili m'menemo iye ali kutali.

Nanga adakutsegulirani ndani akaunti imeneyi? Ambiri idatsegulidwa tsiku logula foni. Mnyamata wa pashopu adafunsa dzina, n'kuika nambala ya foni kapena chaka chobadwa ngati pasiwedi, n'kukulemberani pa kapepala kamene kadasowa sabata yomweyo. Anyamata ambiri a m'mashopuwa ndi okhulupirika, sindikuwanamizira kuba. Koma nyumba imene kiyi wake adadula ndi munthu wina, inu osasinthako loko zaka zitatu, simungalumbire kuti mumagonamo nokha.

Tiyambe ndi makalata achabechabe aja amene amatchedwa spam. Khalidweli ndi lakale kuposa ambiri mwa amene mukuwerenga nkhaniyi. Mu 1978, Gary Thuerk wa kampani ya Digital Equipment Corporation ku America adatumiza uthenga umodzi wotsatsa makompyuta kwa anthu pafupifupi 400 pa ARPANET, lomwe ndi kholo la intaneti. Anthu adakwiya, koma njira idatseguka. Chimene chimachititsa kuti spam isathe n'chakuti ndi yotchipa. Wopisa m'matumba pa depoti amaika moyo wake pachiswe pa munthu aliyense amene akumubera. Wotumiza spam salipira sitampu, sakwera minibasi, ndipo akhoza kutumiza makalata miliyoni atakhala pansi. Ngakhale amene angakopeke atakhala ochepa bwanji, iye wapindula kale.

Mu 2023 kampani ya Google idati Gmail imatchinga makalata osafunika pafupifupi 15 biliyoni tsiku lililonse, ndipo imagwira oposa 99.9 peresenti ya spam, makalata achinyengo ndi okhala ndi mavairasi. Chiwerengerochi n'chosangalatsa, koma chiganizireni bwino. Kalata yachinyengo imene yadutsa sefa yolimba chotere n'kufika pamaso panu ndi imene idalembedwa mwaluso kuposa zinzake. Zopusa zija, za kalonga amene akufuna thandizo losamutsa chuma cha malemu bambo ake, zimene zidatchuka ndi dzina loti 419 kutengera gawo la malamulo a dziko la Nigeria, zambiri zimathera mu foda ya Spam. Zotsalazo ndiye zoluma.

Mwina mukufunsa kuti adiresi yanu amaipeza bwanji. Nthawi zambiri timapereka tokha. M'magulu a ntchito a pa WhatsApp wina akalemba kuti ofuna mwayi asiye imelo zawo, anthu amandandalika mazanamazana. Timadzaza mafomu a mipikisano ya bandulo yaulere osadziwa mwini wake. Mwina ndi ofesi imene yatumiza kalata kwa ofunsira ntchito onse, maadiresi awo ali poyera kuti aliyense aone. Njira ina ndi makampani akuluakulu amene amathyoledwa. Kampani ya Yahoo idavomera mu 2017 kuti maakaunti ake onse, 3 biliyoni, adakhudzidwa ndi kuba kumene kudachitika mu 2013. Katswiri wa ku Australia, Troy Hunt, adatsegula tsamba la Have I Been Pwned pomwe munthu amalemba imelo yake n'kuona ngati idapezeka pa mndandanda wa zobedwa. Kuona kumeneko n'kwaulere.

Tsopano za mavairasi. Nkhani imene wachinyamata aliyense ayenera kuidziwa ndi ya mu May 2000. Anthu m'maiko ambiri adalandira imelo ya mutu woti ILOVEYOU, yochokera kwa munthu amene amamudziwa, itanyamula fayilo imene inkaoneka ngati kalata yachikondi. Dzina la fayiloyo linkathera ndi .TXT.vbs, koma Windows inkabisa kachidutswa komalizako, moti munthu ankaona ngati ndi kalata wamba yongowerenga. Chikhalirecho inali pulogalamu. Ukangoitsegula inkaononga zithunzi ndi mafayilo ena, kenaka n'kudzitumiza yokha kwa onse amene anali mu buku lako la maadiresi la Microsoft Outlook. M'masiku ochepa idagwira makompyuta mamiliyoni, ndipo Nyumba ya Malamulo ya ku Britain idachita kutseka imelo yake.

Amene adaipanga anali wophunzira wa zamakompyuta mumzinda wa Manila ku Philippines, Onel de Guzman. Sadalangidwe chifukwa dziko lake panthawiyo linalibe lamulo loletsa zimenezi. Patapita zaka pafupifupi 20 adavomera kwa mtolankhani Geoff White kuti ankafuna kuba mapasiwedi olowera pa intaneti popeza analibe ndalama zolipirira. Mwachidule, anali mnyamata wosowa bandulo.

Chimene chidanyamula vairasi imeneyi chinali mtima wa munthu. Bwana, mlembi, msilikali, aliyense adafuna kudziwa kuti akumufunayo ndani. Patha zaka zoposa 20, makompyuta asintha, koma nyambo ikugwirabe ntchito mofanana: wakuba amafunsa kuti anthu awa ali ndi njala ya chiyani? Kwa wachinyamata wa kuno kwathu yankho ndi losavuta. Kalata yachikondi ya lero imati mwasankhidwa kukayesedwa ntchito ku bungwe lalikulu, mwapeza sikolashipu, visa yanu ya ku Canada yatheka, tsegulani fomu ili m'munsiyi. Munthu amene wakhala zaka zitatu ndi digiri m'chikwama, akuponya makalata osayankhidwa, akaona zoterezi chala chimathamanga kuposa mutu. Paja akulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nyamboyi imagwiranso mbali inayo, kwa olemba ntchito. Mu February 2016 akuba adachotsa $81 miliyoni mu akaunti ya banki yaikulu ya dziko la Bangladesh imene inali ku Federal Reserve Bank of New York, ndipo ankafuna kutenga pafupifupi $1 biliyoni. Malinga ndi ofufuza a FBI, chaka chimodzi izi zisanachitike ogwira ntchito kubankiko adalandira imelo za munthu wonamizira kufuna ntchito, zokhala ndi linki yoti atsitse CV yake. Ena adatsitsa. Akubawo adalowa, n'kukhala phee m'makompyuta a bankiyo miyezi yambiri akuphunzira mmene ndalama zimayendera. Inu amene mwangoyamba kumene ntchito pa ofesi ina ndipo mwapatsidwa kompyuta, dziwani kuti kudina kwanu kumodzi kukhoza kugwetsa malipiro a anzanu onse.

Pali mtundu wina wa kalata umene sunyamula vairasi n'komwe. Umangokupemphani mwaulemu kuti mupereke nokha pasiwedi. Mu March 2016 John Podesta, yemwe ankatsogolera kampeni ya Hillary Clinton ku America, adalandira imelo yooneka ngati yochokera ku Google, yomuuza kuti wina wayesa kulowa mu akaunti yake ndipo asinthe pasiwedi msanga. Linki yake inkapita ku tsamba labodza lofanana ndi la Google. Makalata ake zikwizikwi adabedwa ndipo WikiLeaks idawaulutsa kutatsala masabata ochepa kuti chisankho chichitike. Winanso, Evaldas Rimasauskas wa ku Lithuania, pakati pa 2013 ndi 2015 ankatumiza ma invoice abodza ku Google ndi Facebook akudzitcha kampani ya Quanta Computer ya ku Taiwan imene makampaniwa ankachita nayo malonda. Adamulipira ndalama zoposa $100 miliyoni, ndipo mu 2019 khoti la ku New York lidamulamula kukhala kundende zaka zisanu.

Ndatchula anthu amenewa dala. Kuno timakonda kuseka wobedwa, amvekere ndi wakumudzi, sadapite kusukulu. Kodi ku Google kulibe ophunzira? Amene amabedwa ndi munthu amene wagwidwa ali pachangu, ali ndi mantha kapena ali ndi chiyembekezo, ndipo tonsefe timakhala choncho tsiku lina. Meseji ija tonse tidailandirapo, yoti ndalama ija mutumize pa nambala iyi, imadalira zomwezo: kuti mwa anthu chikwi alipo mmodzi amene akufunadi kutumiza ndalama nthawi imeneyo. Imelo yachinyengo ndi mkulu wake wa meseji imeneyi, kungoti yavala suti.

Foni imatiika pangozi yoposa ya wa pa kompyuta. Sikirini ndi yaing'ono, choncho Gmail imaonetsa dzina lokha la wotumiza, adiresi yeniyeni n'kubisika. Dzina aliyense akhoza kulemba limene wafuna, kaya la banki, la bungwe la United Nations kapena la sukulu yaukachenjede. Dinani pa dzinalo kuti adiresi yonse ioneke. Maofesi a boma lathu ali ndi maadiresi othera ndi gov.mw, sukulu zaukachenjede ndi ac.mw. Bungwe lalikulu la padziko lonse limene likukulemberani kuchokera pa adiresi ya gmail.com, limenelo likayikireni. Linki nayo musathamangire kuidina. Igwireni ndi chala osachotsa, ikuonetsani kumene ikupita. Poiwerenga, yang'anani mawu amene ali kumapeto kwenikweni kwa dzina la tsamba, kamzere kopendekeka koyamba kasanafike. Adiresi yoti accounts.google.com ndi ya Google. Yoti google.com.chitetezo-akaunti.xyz mwini wake ndi amene adagula dzina lakumapetolo, mawu oti google angoikidwa kutsogolo ngati chinyawu. Kaloko kamene kamaoneka pambali pa adiresi sikatsimikiza kuti tsambalo ndi la anthu oona, masamba a akuba nawo amakhala nako.

Kale ankatilangiza kuti kalata yachinyengo imadziwika ndi Chingerezi chothyokathyoka. Malangizo amenewo adatha ntchito. Mapulogalamu a AI akulembera aliyense kalata yosalala ngati ya loya, ndipo akutha kumasulira m'Chichewa. Chizindikiro chodalirika tsopano ndi chimene kalatayo ikufuna kuti muchite. Ikakufulumizitsani kuti akaunti itsekedwa pakatha maola 24, ikafuna pasiwedi, PIN kapena kodi imene yabwera pa foni, ikafuna ndalama ya fomu, ya mayeso a kuchipatala kapena ya yunifolomu ntchito musanayambe, imani pomwepo. Bungwe la United Nations limalemba poyera pa zotsatsa ntchito zake kuti sililipiritsa kanthu pa gawo lililonse lolembera anthu ntchito. Banki, Airtel Money ndi Mpamba safunsa PIN yanu. Mukakayika, tsekani kalatayo, pezani nambala ya bungwelo panjira ina, muimbe. Nambala imene ili m'kalata momwemo ayankha ndi mwini msampha. Safunsa adadya phula.

Ndikudziwa zimene ena mukunena: ine ndilibe kalikonse, andibera chiyani? Mu Mpamba muli K700, ku banki kulibe akaunti. Chimene muli nacho ndi dzina, ndipo dzinalo ndi ndalama. Amene watenga Facebook yanu alembera azakhali anu a ku Johannesburg kuti mwagonekedwa m'chipatala, atumize kangachepe pa nambala ya mnzanu. Azakhaliwo atumiza chifukwa akuona nkhope yanu. Chithunzi cha chiphaso chanu akhoza kunamizira nacho anthu ena kuti iye ndi inu, ndipo odandaula akadzapita kupolisi dzina loyamba kutchulidwa ndi lanu. Zithunzi zimene mudajambulira munthu mmodzi yekha zikhoza kusanduka chingwe chokukokerani kuti mupereke ndalama. Wosauka akabedwa dzina amavutika kuposa wolemera, chifukwa alibe loya womuyeretsa.

Ena amati foni sigwidwa vairasi, zimenezo n'za makompyuta. N'zoona kuti fayilo yothera ndi .exe singagwire ntchito pa Android. Koma foni ili ndi yakeyake, yothera ndi .apk. Fayilo imene yabwera pa imelo kapena pa WhatsApp ikudzitcha fomu ya ntchito, khadi la ukwati kapena chithunzi, koma ikuthera ndi .apk, imeneyo ndi apu. Mukaiika n'kuilola kuwerenga mameseji, ndiye kuti makodi onse amene banki kapena Facebook ikutumizirani ikuwaona limodzi nanu. Foni ikamachenjeza kuti apu iyi ikuchokera kosadziwika, imakhala ikunena zoona. Chizolowezi chathu chopatsana ma apu pa Xender ndi kuika WhatsApp zosinthidwa monga GBWhatsApp chatiphunzitsa kudina povomera osawerenga, ndipo wakuba akudalira chala chozolowera chimenechi.

Kwa amene muli ndi laputopu, ngozi yaikulu ili m'mafayilo omatidwa ku imelo. Chenjerani ndi othera ndi .exe, .scr, .js kapena .vbs, komanso fayilo ya zip imene yabwera ndi pasiwedi yake m'kalata momwemo, poti imeneyo ndi njira yobisira katundu kuti sefa isamuone. Fayilo ya Word kapena Excel imene ikukuuzani kuti mudine Enable Content kuti muone zolembedwa ikufuna chilolezo choyendetsa kapulogalamu kamene kabisika m'kati. Kuyambira mu 2022 Microsoft idayamba kutchinga timapulogalamu totere m'mafayilo ochokera pa intaneti, koma Office yakalekale imene adakuikirani kumsika singakutetezeni chotero. Uzani Windows kuti izionetsa mathero a maina a mafayilo. Anthu a mu 2000 aja akadaona .vbs, ena akadapulumuka.

Nanga antivirus? Imathandiza, ndipo Windows 10 ndi 11 zimabwera ndi yake, Microsoft Defender, yomwe ndi yokwanira kwa munthu wamba ngati ikulandira ma update. Vuto lathu lili pamenepa. Bandulo ndi yodula, choncho ambiri tidazimitsa ma update kuti asatidyere data. Dandaulo limeneli ndi lomveka, sindingalipeputse. Koma onani zimene zidachitika mu May 2017. Vairasi ya WannaCry idatseka mafayilo m'makompyuta a m'maiko pafupifupi 150 n'kumafuna dipo, ndipo zipatala zina za NHS ku England zidaimitsa maopaleshoni. Iyoyo sidadzere pa imelo, idadzera pa bowo la mu Windows limene Microsoft inali itatseka kale mu March chaka chomwecho. Amene adagwidwa ndi amene sadaike chigambacho. Ngati data yavuta, gwiritsani ntchito bandulo ya usiku kapena Wi-Fi ya kusukulu kamodzi pamwezi. Dziwaninso kuti Windows 7 idasiya kulandira zigamba mu January 2020, ndipo nthawi ya Windows 10 idatha mu October 2025. Antivirus yobedwa, yotsitsidwa pa tsamba losadziwika, ili ngati kulemba mlonda amene mwamutola pa chigulu cha akuba.

Pali malo ena amene sitiwaganizira: mashopu osindikizira. Wophunzira akufuna kusindikiza asainimenti kapena CV, akulowa mu Gmail yake pa kompyuta ya pashopu, akulipira, n'kunyamuka osatuluka mu akauntiyo. Wobwera pambuyo akupeza zonse zili pambalambanda. Kompyuta yomweyo imalowetsedwa mafulashi makumimakumi patsiku, n'chifukwa chake fulashi imabwerako mafayilo onse atasanduka ma shortcut. Njira yabwino ndi kutumiza fayilo ya PDF yokhayo ku nambala kapena imelo ya shopuyo. Ngati simungachitire mwina koma kulowa mu akaunti yanu, tulukani musanadzuke pampando, ndipo kompyuta ikafunsa ngati isunge pasiwedi, kanani.

Zoyenera kuchita sizifuna ndalama, zimafuna mphindi makumi awiri usiku uno. Sinthani pasiwedi ya Gmail. Ikhale yaitali, mawu anayi kapena asanu osagwirizana amene mungawakumbuke, ndipo isafanane ndi ya pena paliponse, chifukwa akuba akapeza pasiwedi pa tsamba limodzi amakaiyesa pa masamba ena onse. Kenaka lowani mu Security pa akaunti ya Google, muyatse 2-Step Verification, kuti ngakhale wina adziwe pasiwedi alephere kulowa popanda foni yanu. Pomwepo onani nambala ndi imelo yobwezeretsera akaunti. Ngati ndi nambala imene mudasiya kalekale, ichotseni, poti nambala yosagwiritsidwa ntchito imadzaperekedwa kwa munthu wina. Tengani makodi osungira amene Google imapereka, muwalembe papepala, musunge kumene mumasunga satifiketi, kuti foni ikadzabedwa musadzatsekeredwe kunja kwa nyumba yanu yomwe. Onaninso mndandanda wa zipangizo zimene zalowa mu akaunti yanu. Mukapeza foni imene simukuidziwa, itulutseni.

Pa za spam, khalani ndi imelo ziwiri: ina ya ntchito, sukulu ndi banki, ina ya mipikisano, magemu ndi masamba ongoyesa. Kalata yachinyengo musaiyankhe, ngakhale kutukwana kumene, chifukwa yankho lililonse limamuuza wotumiza kuti adiresiyi ili ndi mwini wake wamoyo. Dinani Report spam kapena Report phishing. Mukatero mukuphunzitsa sefa, ndipo kalata yomweyo ikamapita kwa mnzanu ikagwidwa panjira. Batani la Unsubscribe ndi la makampani amene mukuwadziwa ndipo mudalembetsa nokha. Pa kalata ya munthu wosadziwika, limenelo likhoza kukhala linki ina ya msampha. Ndipo ngati mwadina kale n'kulemba pasiwedi, musataye nthawi ndi manyazi. Sinthani pasiwediyo nthawi yomweyo, tulutsani zipangizo zonse zachilendo, uzani abale kuti asatumize ndalama kwa aliyense wolemba m'dzina lanu, ndipo ngati zakhudza ndalama imbirani banki kapena kampani ya foni, kenaka kanenani kupolisi.

Komabe si chilungamo kusenzetsa wachinyamata katundu yense. Makampani, mabungwe ndi maofesi ena m'dziko muno ndi amene akutizoloweretsa kubedwa. Amalengeza ntchito zenizeni n'kunena kuti makalata apite ku adiresi ya Gmail. Amafuna chithunzi cha chiphaso cha unzika kwa anthu chikwi pomwe malo ndi awiri, osanena kuti zithunzizo azisunga bwanji. Amatumiza kalata kwa ofunsira onse maadiresi ali poyera, pomwe BCC ilipo yobisira. Ngati ntchito yeniyeni ikuoneka chimodzimodzi ndi yabodza, mwana wa eni adzasiyanitsa bwanji? Bungwe lililonse limene likulemba anthu ntchito likhale ndi adiresi ya dzina lake, lilembe poyera kuti sililipiritsa, ndipo ziphaso lizifunsa kwa okhawo amene lawaitana.

Malamulo tili nawo. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 limaletsa kuthyola makompyuta, kufalitsa mavairasi ndi kutumiza mauthenga achinyengo, ndipo lidakhazikitsa nthambi ya Malawi CERT pansi pa bungwe la MACRA kuti izithana ndi ngozi zoterezi. Mu 2024 kudabweranso lamulo loteteza mbiri ndi zinsinsi za anthu, la Data Protection. Koma lamulo limaluma amene ali m'dziko muno. Amene akukutumizirani kalata ali kutsidya kwa nyanja sangalimve. N'chifukwa chake mbali yaikulu ya ntchito ya mabungwewa iyenera kukhala kuchenjeza, m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao, pa wailesi ndi pa TikTok pomwe achinyamata ali, ndi zitsanzo za makalata enieni amene akuzungulira sabata imeneyo. Maphunziro a kompyuta m'sukulu nawo asathere pa kutchula ziwalo za kompyuta. Mwana wa Fomu 4 azituluka akudziwa kuwerenga linki.

Tisamaganize kuti izi n'za kunja kokha. Mu February 2024, Lazarus Chakwera, yemwe panthawiyo anali mtsogoleri wa dziko lino, adauza Nyumba ya Malamulo kuti makina osindikizira mapasipoti athyoledwa ndipo othyolawo akufuna dipo. Amalawi ofuna kupita kusukulu, kuntchito ndi kuchipatala kunja adadikira masabata. Kompyuta ikagwa, amavutika ndi munthu amene ali pamzere.

Chomaliza ndi cha ife eni. Wobedwa pa intaneti kuno amakhala chete chifukwa akudziwa kuti akanena asekedwa pagulu. Kukhala chete kumeneko ndi kumene kumadyetsa akuba, poti kalata imene yamugwira iye lero ikupita kwa anzake a m'kalasi mawa. Mnzanu akakuuzani kuti adalipira K20,000 ya fomu ya ntchito imene kulibe, mufunseni kuti kalatayo inkaoneka bwanji, muijambule, muiike pagulu kuti ena aione. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndipo musanabwerere ku WhatsApp, tsegulani Gmail ija muone kuti mwalowa ndani.